Kuyeza Kutentha kwa Utsi wa Injini pa Migodi ya ku Bindura

Mzinda wa Bindura uli m'chigwa cha mtsinje wa Mazowe, pa mtunda wa makilomita osakwana 90 kumpoto chakum'mawa kwa Harare. Kwa omvera ambiri a ku Malawi ndi a kum'mawa kwa Zambia dzinali si lachilendo, pakuti makolo ndi abale awo anapita kumeneko kukafuna ntchito m'migodi ndi m'mafamu, ndipo ena anachona. Ndicho chifukwa chake Chinyanja chimamveka m'makomboni a dera limenelo, ndi ng'oma za Gule Wamkulu zomwe. Poyamba malowo ankatchedwa Kimberley Reefs, kutengera mgodi wa golide umene unatsegulidwa mu 1901, ndipo dzina la Bindura linadza mu 1913 pamene njanji inafika. Mu 1966 kampani ya Anglo American inakhazikitsa Bindura Nickel Corporation, yoyang'anira mgodi wa Trojan wokumba chitsulo chotchedwa nickel. Mgodi umenewu unaima mu 2008, unayambanso kutulutsa miyala mu 2013, ndipo unaimanso mu 2023. Mgodi wa golide wa Freda Rebecca unayamba mu 1988.

Koma nkhani ino si ya migodi ikuluikuluyo. Pozungulira Bindura, ndiponso cha ku Shamva ndi ku Mazowe, pali anthu ambiri okumba golide paokha, amene Ashona amawatcha makorokoza, ndi enanso a timigodi ting'onoting'ono tolembetsa ku boma. Moyo wa timigodi totere uli pa injini ya dizilo. Injini ndiyo imayendetsa pampu yochotsa madzi m'dzenje, ndi kompuresa yobowolera thanthwe, ndi chigayo chophwanya miyala, ndi jenereta magetsi akazima. Mu 2019, madzi atachepa m'nyanja ya Kariba, malo ambiri a ku Zimbabwe ankakhala opanda magetsi mpaka maola 18 pa tsiku, ndipo mainjini amene anagulidwa kuti azithandiza mwa apo ndi apo anagwira ntchito usana ndi usiku. Injini ya pampu ikafa m'nyengo ya dzinja, madzi sadikira makaniko. M'masiku ochepa dzenje limene anthu analikumba miyezi yambiri ladzala, ndipo antchito abwerera kwawo chimanjamanja.

Kodi mwini injini angadziwe bwanji kuti injini yake ili kudwala isanafe? Ambiri amadalira geji ya madzi. Geji imeneyi ndi yabwino ndithu, koma ndi mboni yochedwa. Madzi a m'radiyeta ndi ambiri, ndipo amatenga mphindi zingapo kuti atenthe. Pamene muvi wa geji uli kukwera, moto wa m'silinda unapyola kale muyeso. Mthenga wofulumira ndiye utsi, pakuti umatuluka kumene m'silinda, ndipo katundu akangochuluka kutentha kwake kumasintha m'kamphindi.

Chifukwa chake ndi ichi. Injini ya dizilo imakoka mpweya wochuluka kuposa umene moto ufuna, ndipo mpweya wotsalawo ndiwo umachepetsa ukali wa motowo. Injini ikamangolira yopanda katundu, utsi wake umatentha madigiri 100 kapena 200 basi, pa muyeso wa Celsius umene watsatidwa m'nkhani yonseyi. Katundu akachuluka, dizilo wolowa m'silinda amachuluka, koma mpweya suchuluka naye pamodzi, motero utsi umakwera kufika madigiri 500 kapena 600. Amisiri ambiri amaika malire a ntchito yosalekeza pakati pa madigiri 650 ndi 700, ngakhale mawu otsiriza ndi a buku la amene anapanga injiniyo. Aluminiyamu, amene amapangira mapisitoni, amasungunuka pa madigiri 660, ndipo amayamba kufooka asanayandikire n'komwe pamenepo. Zoona, pisitoni siitentha mofanana ndi utsi, popeza oilo ndi madzi zimaiziziritsa. Koma utsi ukakhalitsa pamwamba, mutu wa pisitoni umang'aluka, mavalavu amapsa, ndipo turbo imaonongeka. Ku Bindura kulinso vuto lina. Malowo ali pamwamba mamita oposa 1,000 kuyerekeza ndi nyanja yamchere, kumene mpweya ndi wopepuka, ndipo injini yopanda turbo imataya mphamvu pafupifupi gawo limodzi la magawo khumi. Mwini wake akaiumiriza kuti isenze katundu yense wolembedwa pa chitsulo chake, kapena akakweza dizilo pa pampu kuti abweze mphamvu yotayikayo, utsi umada, numatentha. Zomwezi zimaoneka pa zigayo za chimanga ku Lilongwe, ku Chipata ndi ku Lusaka, pakuti mizinda yonseyi ili pa mtunda.

Choyezera cha galasi chonga cha ku chipatala sichingapirire moto wotere. Chimene chimapirira ndi mawaya awiri a zitsulo zosiyana, owotchereredwa pamodzi ku nsonga imodzi, amene amatchedwa thermocouple. Mu 1821 Thomas Johann Seebeck wa ku Germany anapeza kuti zitsulo ziwiri zosiyana zikalumikizidwa, mbali imodzi n'kutenthedwa ina n'kukhala yozizira, pamabadwa kamphamvu ka magetsi kamene kamakula molingana ndi kusiyana kwa kutenthako. Mitundu ya thermocouple ndi yambiri, koma woyenera utsi wa injini ndi mtundu wa K, umene umafika madigiri oposa 1,200. Waya wake mmodzi ndi chromel, ndiye kuti magawo 90 pa 100 a nickel ndi magawo 10 a chromium. Mnzake ndi alumel, magawo 95 a nickel ndi pang'ono pa aluminiyamu, manganese ndi silicon. Motero chitsulo chimene amuna a ku Trojan anakhetsera thukuta pansi pa nthaka ndi cha mtundu womwewo ndi chimene chimalondera injini ya wokumba golide pamwamba pake.

Chovuta cha ntchito yonseyi ndi kuchepa kwa kamphamvuko. Volt imodzi itagawidwa m'zigawo 1,000, chigawo chimodzi ndicho millivolt. Thermocouple ya mtundu wa K imatulutsa millivolt imodzi yokha pa madigiri 24 kapena 25 alionse, kotero kuti pa madigiri 600 imapereka mamillivolt pafupifupi 25. Batire limodzi la tochi limaposa pamenepo maulendo 60. Kakompyuta kotchedwa Arduino, kamene kanayambira ku Ivrea m'dziko la Italy mu 2005, ndipo amisiri ambiri amakakonda chifukwa cha kutsika mtengo, kamawerenga magetsi kuyambira pa 0 kufika pa mavolt 5 m'masitepe 1,024. Sitepe imodzi ndi mamillivolt pafupifupi 5, ndiye kuti madigiri ngati 120 a thermocouple. Munthu wolumikiza mawayawo mwachindunji sadzatha kusiyanitsa injini yabwino ndi injini imene ili pafupi kupsa. Pafunika chokulitsa pakati.

Palinso chinthu chachiwiri chimene oyamba kumene amachiiwala, ndipo ndicho chimanamiza ambiri. Thermocouple siiyeza kutentha kwa nsonga yokha iyayi. Imayeza kusiyana kwa pakati pa nsonga yotentha ndi malo amene mawaya ake athera. Utsi ukakhala pa madigiri 600, ndipo kabokosi kamene mawaya aloweramo kali pa madigiri 35 monga zimakhalira mwezi wa October, mamillivolt ofika si 24.9 koma 23.5, ndipo wowerenga mosaganiza adzati utsi uli pa 567. Kale m'nyumba zoyezera zinthu ankamiza mapeto a mawaya m'madzi oundana kuti akhale pa 0 nthawi zonse. Pa mgodi palibe amene angasunge ayezi tsiku lonse. Lero kachipangizo kokulitsa komweko kamakhala ndi choyezera chake m'kati, kamayeza kutentha kwa pamene mawaya athera, n'kuonjeza pa chiwerengero.

Tizipangizo totere tilipo tingapo. Ka AD8495 kamatulutsa mamillivolt 5 pa digiri iliyonse, motero madigiri 600 amakhala mavolt 3, ndipo sitepe imodzi ya Arduino imalingana ndi digiri imodzi. Kameneka nkoyenera pamene pali kale makina olembera amene amalandira mavolt 0 mpaka 5. Ka AD595, kakale, kamatulutsa mamillivolt 10 pa digiri. Pa 600 pafunika mavolt 6, ndipo muyeso wa Arduino wapyola. Chapafupi kwa woyamba ndi ka MAX6675, kamene kamakulitsa, kukonza ndi kuwerenga kokha, n'kutumiza nambala yathunthu kuyambira pa 0 kufika pa madigiri 1,024, mosiyanitsa ngakhale kota ya digiri. Kamagulitsidwa katamangidwa kale pa kabolodi, ndipo kamafuna mawaya asanu okha: awiri a magetsi ndi atatu olankhulirana ndi Arduino. Kamafuna kupuma pafupifupi kota ya sekondi pakati pa kuwerenga kumodzi ndi kwina. Wokafunsa mofulumira kuposa pamenepo adzangolandira nambala yakale yosasintha. Mnzake wa pambuyo, MAX31855, amathanso kunena ngati waya waduka kapena wakhudza chitsulo cha injini, koma amafuna thermocouple imene nsonga yake siikhudza chikopa chake chachitsulo, ndipo ndi bwino kufunsa zimenezi pogula.

Kunena za chikopa, pano pali poyenera kusankha chopanga ndi chogula. Kabokosi, mawaya ndi malangizo a kakompyuta, zonsezi mmisiri angathe kuzikonza yekha pa tebulo. Nsonga yolowa m'utsi ndi bwino kuigula yopangidwa kale, yotsekeredwa m'kandodo ka chitsulo chosachita dzimbiri. Mawaya opanda chikopa amadyedwa ndi sulufule wa m'utsi, pakuti nickel sagwirizana naye pa moto. Ndipo kanthu kakaduka n'kulowa mu turbo, ndalama zimene zinapulumutsidwa pa nsongayo zidzalipiridwa maulendo ambiri. Kulumikiza nsonga ndi mtovu ndi kutaya nthawi chabe, chifukwa mtovu wolumikizira mawaya umasungunuka usanafike madigiri 200.

Malo oika nsonga ndi pa chitsulo chosonkhanitsa utsi wa masilinda onse, chimene amakaniko amachitcha manifold, utsi usanalowe mu turbo. Kuseri kwa turbo utsi umakhala utazizira ndi madigiri 100 kapena kuposa, ndipo kusiyanako kumasintha ndi katundu, kotero kuti malire a kutsogolo sagwira ntchito kumbuyo. Pa injini ya silinda imodzi, monga za Lister zakale ndi za ku China zimene zadzala m'zigayo, nsonga iikidwe pafupi ndi potulukira utsi. Mmisiri amabowola, nadula mazinga, kawirikawiri a muyeso wa 1/8 NPT, naonetsetsa kuti nsonga yafika pakati pa njira ya utsi osakhudza khoma. Njira yosamala ndi kumasula manifold ndi kubowolera pansi, kuti zinyenyeswa za chitsulo zisatsalire m'kati. Ena amangopaka girizi pa chobowolera, koma chinyenyeswa chimodzi chothawa girizi nchokwana kupundula mapiko a turbo.

Kuchokera pa nsonga kufika pa kabokosi, waya ayenera kukhala wa mtundu wa K njira yonse. Pamenepa ndi pamene ambiri amagwa. Waya akafupika, munthu amaonjeza wa mkuwa umene uli pafupi, osadziwa kuti wasamutsa mapeto a thermocouple kuchoka m'kabokosi kupita pa mfundo yakeyo. Mfundo ikakhala pambali pa injini pamene pali madigiri 80, kabokosi kali pa 30, chiwerengero chidzatsika ndi madigiri 50. Bodza limeneli ndi loipa koposa, chifukwa limanena kuti injini ili bwino pamene ili kupsa. Kusemphanitsa mawaya nkosavuta kuzindikira, pakuti nsonga ikatenthedwa nambala imatsika m'malo mokwera. Mitundu ya zikopa za mawaya siidalirika kwenikweni: mwa dongosolo la ku Ulaya waya wa + ndi wobiriwira ndipo wa − ndi woyera, pamene mwa dongosolo la ku America wa + ndi wachikasu ndipo wa − ndi wofiira, chinthu chosokoneza munthu wozolowera batire. Maginito ndiwo sanama: amakoka alumel, amene ndi −, koma chromel samukoka.

Mphamvu yochepa chotere imasokonezeka msanga ndi magetsi ena. Waya wa thermocouple asayende pamodzi ndi mawaya a alitineta kapena a sitata, ndipo kakapasita ka 10 nF pakati pa mawaya awiriwo, polowera pa kabolodi, kamachotsa kunjenjemera kwambiri kwa manambala. Magetsi a kabokosi achokere ku batire kudzera pa fyuzi ndi pa chotsitsa magetsi kufika pa mavolt 5. Chotsitsa chodziwika cha 7805 chimagwira pa batire la mavolt 12, ngakhale chimatentha. Pa makina a mavolt 24 pafunika cha mtundu wa buck converter. Chingwe cha batire chikakhwepa injini ili kulira, magetsi amalumpha mwadzidzidzi n'kupsereza tizipangizo, motero mabawuti a batire amangidwe ndithu. Kabokosi kakhale kotseka bwino, kutali ndi paipi ya utsi, pamthunzi, ndiponso pa mphira wochepetsa kugwedezeka, pakuti fumbi la chigayo cha miyala limalowa paliponse.

Chisanamangidwe pa injini, choyezera chiyesedwe. M'kapu ya ayezi wophwanya wosakaniza ndi madzi pang'ono chiyenera kunena 0. M'madzi owira omvera asayembekezere 100. Ku Bindura, ku Lilongwe ndi ku Lusaka madzi amawira pa madigiri 96 kapena 97, chifukwa cha kupepuka kwa mpweya komwe kuja. Ndi ku Nsanje ndi m'chigwa cha Shire kumene amayandikira 100. Mmisiri wokonza choyezera chake kuti chinene 100 ku Bindura wachilakwitsa ndi manja ake. Kuphonya kwa madigiri awiri kapena atatu kulibe kanthu pa ntchito ya utsi.

Tsono phindu lenileni lili pa kulemba. Geji yoyang'ana ndi maso imathandiza pokhapokha pali munthu woyang'ana, ndipo pa 2 koloko usiku mnyamata wolondera pampu amakhala ali m'tulo. Pa Arduino pamalumikizidwa kabolodi ka memori khadi yonga ya m'foni, ndi kawotchi ka DS3231 kamene kali ndi batire lakelake kuti nthawi isatayike injini ikazima. Sekondi iliyonse kakompyuta kamalemba mzere umodzi: tsiku, nthawi, ndi madigiri. Ntchito ya maola khumi imabala mizere 36,000, imene imadya malo ngati a chithunzi chimodzi cha pa foni. Malangizo a kakompyuta azitsiriza kusunga zolembedwa pa khadi mphindi iliyonse, kuti magetsi akaduka zisatayike za tsiku lonse. Nkwanzeru kuonjezapo kabelu ndi nyali yofiira zodzutsa mlonda malire akapyoledwa. Madzulo khadi imachotsedwa, ndipo kompyuta imajambula manambalawo kukhala mzere wokwera ndi wotsika.

Nambala imodzi payokha imanena zochepa. Madigiri 520 ndi abwino pa injini ina ndipo ndi chizindikiro cha matenda pa ina. Chofunika ndi kudziwa chizolowezi cha injini yomweyo. Chifukwa chake kulemba kuyambe injini itangokonzedwa, sefa ya mpweya ili yatsopano, manozo atayesedwa, ndipo mizere ya mlungu woyamba isungidwe ngati muyeso wa masiku onse a m'tsogolo. Akulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Pampu imene inkakoka madzi pa madigiri 480, ndipo patapita milungu itatu ili kuwakoka pa 540, katundu ali yemweyo, ili kunena kanthu ngakhale malire sanafike ndipo khutu silinamve kusintha. Kukwera kwa pang'onopang'ono kotere kawirikawiri ndi sefa yodzala fumbi, kapena paipi ya mpweya wa turbo yobooka, kapena manozo otha amene ali kudontheza dizilo m'malo mopemerera. Kukwera kodza tsiku limodzi, makaniko atangogwira pampu ya dizilo, kumaloza ku taimingi yochedwa, imene imachititsa moto kutsirizira kuyaka m'paipi ya utsi. Kukwera kobwera ola lomwelo tsiku ndi tsiku kumaloza kwa anthu: wina ali kudzaza chigayo mopyola muyeso kuti aweruke msanga. Koma mzere ukamalumpha madigiri mazana angapo m'sekondi imodzi n'kubwerera, injini ilibe mlandu, pakuti kandodo kachitsulo sikangatenthe ndi kuzizira mofulumira chotero. Pamenepo afunefune waya wokhwepa.

Pa injini ya masilinda ambiri, wofuna kudziwa zenizeni amaika nsonga pa silinda iliyonse, iliyonse ndi kachipangizo kake. Silinda yozizira kuposa zinzake ndiyo siilandira dizilo, kapena yataya mphamvu yopanikiza mpweya, ndipo zinzakezo zili kusenza katundu wake. Mzere womwewo umaphunzitsanso nthawi yozimitsa: injini ya turbo ikachoka pa ntchito yolemetsa iyenera kulira yopanda katundu mphindi zingapo mpaka utsi utatsika, kuti oilo asapserere m'kati mwa turbo.

Kabokosi kameneka nka injini ya mwini wake. Makina akuluakulu a pa migodi ya makampani amabwera ndi zoyezera zawo zochokera ku fakitale, ndipo wantchito wobowola chitsulo cha abwana popanda chilolezo adzakumana ndi kapitawo asanaone phindu. Ndiponso thermocouple imayeza kutentha kokha, siiyeza poizoni. Utsi wa injini uli ndi mpweya wa carbon monoxide, wopanda fungo ndi wopanda mtundu, umene umapha munthu pamalo opanda mphepo. Jenereta kapena pampu siiyenera kulira m'dzenje kapena pakamwa pake, ngakhale manambala a pa khadi akhale okoma chotani.

Nsonga nayo imakalamba. Ikakhala miyezi yambiri m'moto, zitsulo zake zimasintha pang'ono ndipo chiwerengero chimasendera, ndiponso mwaye wokhuthala pa kandodo umachedwetsa kumva kwake. Nthawi yosintha oilo ndi yabwino kuimasula, kuipukuta, kuiyang'ana ngati yang'aluka, ndi kuiviikanso m'madzi owira. Nsonga ikasinthidwa, tsikulo lilembedwe m'buku la injini pamodzi ndi masiku osintha sefa ndi manozo, ndipo yatsopanoyo ilowe kuya kofanana ndi yakale, kuti mizere ya miyezi iwiri ithe kuyerekezedwa.